Chibuku, kabuku ka ngongole ndi buku la mpingo

Ife amene timaphunzira kuno ku Makwasa timalidziwa tsiku la malipiro a m'maesiteti popanda kuyang'ana pa kalendala. Timangomvera nyimbo. Dzuwa likapendeka masipika amayamba kupikisana, akabaza sapuma, utsi wa kanyenya umadzaza msewu, ndipo makatoni a Chibuku amayamba kuunjikana m'ngalande. M'mawa mwake, amene tili pa maphunziro a m'mawodi timakumana ndi zotsalira za usikuwo: bambo wong'ambika pamphumi ndi botolo, mnyamata wa njinga yamoto wothyoka mwendo, mayi wotupa diso amene akulumbira kuti anangogunda chitseko. Ambiri a ife tinaphunzirira kusoka bala pa mitu ya anthu oterewa.

Chizolowezi chathu monga a Adventist n'chodziwika. Timapukusa mutu, wina n'kutchula Miyambo 23, basi tapitiriza ulendo. Chiphunzitso cha kudziletsa sitikuchitsutsa. Tinalumbira pa ubatizo kuti mowa sitidzamwa kapena kugulitsa, ndipo tikuima pomwepo. Chimene chikutivuta n'chakuti tchimo la woledzera timalidziwa kuchokera kumutu mpaka kuphazi, koma za amene amamufululira mowawo sitidziwa kanthu. Chikhalirecho wofulula uja amamudziwa wothyola tiyi kuposa mmene ife timamudziwira. Amadziwa tsiku limene amalandira, ndalama imene angathe kutulutsa m'thumba osamva kuwawa, nyimbo imene amakonda, ndi timu imene amachemerera.

Tiyambe ndi Chibuku, popeza ndi mowa wa pakampani umene uli pafupi kwambiri ndi thumba la munthu wa kuno.

Mowa wa masese sunabwere ndi galimoto. Agogo athu ankauphika okha: ankanyika mawere, mapira kapena chimanga mpaka zitamera, kuyanika, kusinja chimera, kuphika phala, kuthiramo chimeracho, n'kusiya masiku angapo kuti uwire. Ukaumwa tsiku loyamba ndi thobwa, lomwe lija timanyamula m'zigubu popita ku misonkhano ya misasa. Ukadikira, ndi mowa. Unali ndi nthawi yake: pa dima, pa chinamwali, pometa maliro, pa nsembe ya mvula. Alhomwe amene anadzaza Thyolo ndi Mulanje pochokera ku Mozambique anabwera ndi otheka wawo. Sitikunena kuti kale kunalibe zidakwa, zinalipo. Koma mowa umafuna chimanga cha m'nkhokwe, nkhuni, madzi ndi thukuta la mayi kwa pafupifupi sabata yathunthu, ndiye sukadapezeka tsiku ndi tsiku. Ukapsa umamwedwa pagulu, akulu akuona, ndipo mbiya ikatha nkhani yatha.

Zinthu zinasintha pamene anthu anayamba kulipidwa ndalama. Atsamunda anazindikira msanga kuti malipiro a wantchito angathe kubwerera kumene anachokera podzera m'chipanda. Ku Durban, kutsatira lamulo la mu 1908, khonsolo ya mzinda inadzipatsa yokha ufulu wofulula ndi kugulitsa mowa wa anthu akuda, n'kuletsa amayi kuphika wawo. Phindu la m'mabiyaholo ndilo linkalipirira kayendetsedwe ka malokeshoni ndi apolisi oyang'anira anthu omwewo amene ankamwa. Amayi a kumeneko anaukira mabiyaholowa mu 1929, n'kudzaukiranso mu 1959 ku Cato Manor. Njira imeneyi inafalikira ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku migodi ya kopa ya ku Zambia, kumene agogo athu ambiri anatchona. Kwathu kuno inafika ngati mathavani a khonsolo, amene akuluakulu akuwakumbukira bwino.

Ku migodi ya kopa komweko, ku Kitwe, m'zaka za m'ma 1950, mzungu wina dzina lake Max Heinrich anayamba kufulula masese ndi makina. Mbiri imene kampani imaifotokoza ndi yoti Heinrich ankayenda ndi buku. Ankalembamo chilichonse chimene wasintha pa kaphikidwe, komanso zimene omwa anena: wawawasa, wachepa mphamvu, walemera. Antchito ake ndiwo anayamba kuutcha mowawo wa chibuku. Mu 1962 unayamba kufululidwa ku Fort Victoria, kumene lero ndi Masvingo, ndipo sipanapite nthawi unafika ku Malawi. M'zaka zomwezo za m'ma 1960 bizinesi ya Heinrich inagwa m'manja mwa Lonrho ya Tiny Rowland. Lonrho yomweyo inali ndi minda ya tiyi kuno ku Thyolo ndi minda ya nzimbe ku Nchalo. Taganizani: dzanja limodzi likupereka malipiro pa zenera la ofesi, lina likulandira pa kauntala ya thavani. Pambuyo pake Chibuku chinapita kwa SABMiller, imene nayo inamezedwa ndi AB InBev mu 2016.

Tibwerere ku buku lija, pakuti ndi pamene pakutipweteka. Munthu wofuna ndalama anakhala pansi ndi anthu a m'migodi, nawafunsa, namvetsera, nalemba. Ife amene timatchedwa anthu a Buku, amene sukulu yathu ili ndi dzina loti Malamulo, ndi liti pamene tinapita ku makomboni a esiteti ndi kope n'cholembera, osati kukalalikira koma kukafunsa?

Mowa umene Heinrich anasiya ndi wosavuta: chimanga, mapira, madzi ndi yisiti. Umathiridwa m'katoni ya lita imodzi usanamalize kuwira, n'chifukwa chake katoniyo imakhala ndi kabowo kotulutsira mpweya, ndipo masese akadikha pansi womwa amayenera kukhutchumula. Dzina loti Shake Shake linachokera pamenepo. Tsiku loyamba mphamvu yake imakhala yochepa, koma imakwera tsiku ndi tsiku mpaka cha m'ma 4 peresenti, kenako umasasa. Kusachedwa kusasako kunali mpanda: galimoto sikadapita nawo kutali kwambiri ndi fakitale ya ku Blantyre kapena ku Lilongwe, makamaka nthawi ya dzinja pamene misewu ya ku Thekerani imasanduka phala. Mu 2012 ku Zambia kunatuluka Chibuku Super, wa m'botolo la pulasitiki, wophikidwa kuti asapitirize kuwira, wotha kukhala pafupifupi milungu itatu. Kwa omwa unali mowa watsopano chabe. Kwa kampani kunali kugwa kwa mpanda uja. Tsopano botolo likhoza kudikira pa shelefu ya kagolosale ka kumudzi mpaka tsiku la malipiro lifike, ndipo limalowa m'chikwama kupita kunyumba, kumene ana akuona.

Carlsberg ili ndi mbiri ina. Fakitale yake ya ku Blantyre, imene inatsegulidwa mu 1968, inali yoyamba ya kampaniyi kunja kwa Denmark, ndipo boma la nthawi imeneyo linainyadira ngati chizindikiro cha chitukuko. Green, Brown ndi Special unali mowa wa akalaliki ndi mamanejala, wothyola tiyi ankangouonera patali. Kenako kunabwera Kuche Kuche, wotsikirapo mtengo, wa dzina lachichewa limene likulangiza kale nthawi yoyenera kuweruka. Mu 2016 Carlsberg inagulitsa magawo ake 59 pa 100 alionse kwa Castel ya ku France.

Makampani onsewa amagwira ntchito mofanana, ndipo sabisa. Akuluakulu a SABMiller ankanena poyera kuti mdani wawo wamkulu mu Africa si kampani inzawo koma mowa wofululidwa kunyumba, ndipo mtengo ankauyeza powerenga maola amene munthu wamba ayenera kugwira ntchito kuti agule botolo limodzi. Akafupikitsa maolawo, msika wakula. N'chifukwa chake ku Mozambique mu 2011 anatulutsa Impala, mowa wa chinangwa, boma litawachepetsera msonkho. Pali makwerero okonzedwa bwino: uchoke pa masese a kwa mayi wa kuseri ukwere pa Shake Shake, uchoke pamenepo ukwere pa Super, tsiku lina ukadzakhala kapitawo udzagwire Green. Pa sitepe iliyonse munthu amamva ngati watukuka. Onjezanipo mafiriji obwereketsa kwa eni mabala, makoma opentedwa ulere, malaya ndi zipewa zopatsidwa pa mpikisano. Onjezaninso mpira ndi nyimbo: Carlsberg Cup, Castel Challenge Cup, Chibuku Road to Fame. Mwana wa Pathfinder amene sanalaweko dontho amadziwa mayina onsewa pamtima, ndipo tisanamizane, nafenso timaonera mafainolo ake ku hositelo, bola asakhale pa Sabata.

Tsono pali mtsutso umene anzathu a m'kalasi amene si a mpingo uno amatiponyera, ndipo suyenera kuyankhidwa ndi vesi lokha. Amati: kodi si bwino munthu amwe Chibuku chofululidwa mwaukhondo, chodziwika mphamvu yake, kusiyana ndi kachasu wotchezedwa m'mpopi wa dzimbiri? Kampani imalipira msonkho, imalemba anthu ntchito, imagula chimanga kwa alimi. Mukaitseka, anthu sasiya kumwa, amangolowera kuchigwa.

Mbali ina akunena zoona. Kachasu, makamaka mutu wake, amaposa Chibuku mphamvu kangapo, ndipo palibe amene amamuyeza. Mowa wosakanizidwa ndi methanol umachititsa khungu ndi kupha. Tinaonanso zimene zinachitika ndi masacheti. Boma linawaletsa mu 2015 ana asukulu atayamba kuwabisa m'masokosi, koma mowa womwewo unangovula pepala n'kuvala timabotolo, ndipo lero tikuutcha midoli. Ndondomeko ya dziko yokhudza mowa inakhazikitsidwa mu 2017, lamulo loletsa kugulitsa kwa osakwana zaka 18 lilipo, koma pitani pa msika uliwonse madzulo mukaone amene akutumidwa kukagula.

Komabe mtsutsowu uli ndi bowo. Umaganiza kuti katoni ya Chibuku imalowa m'malo mwa kachasu. Zimene timamva kwa odwala tikamalemba mbiri yawo ndi zina: amayamba ndi Chibuku ndalama zikadalipo, n'kumalizira kachasu zikatha. Wa pakampani ndi wa masiku awiri oyamba, wa kuchigwa ndi wa masiku otsalawo. Mowa waukhondo sunathamangitse woipa, unangowonjezera masiku omwera, n'kuchotsa manyazi pa kumwa. Ndipo chiwindi sichifunsa ngati mowawo unalipira msonkho. Bungwe la IARC linaika mowa m'gulu loyamba la zoyambitsa khansa kale mu 1988. Mu January 2023 WHO inanena kuti palibe mlingo wa mowa umene tinganene kuti ndi wosavulaza thupi, ndipo lipoti lake la 2024 linawerengera imfa 2.6 miliyoni za mu 2019 zobwera chifukwa cha mowa. Kuno timaziona mwa njira yathu: wodwala TB amene wadumphitsa mankhwala, wa ma ARV amene waiwala tsiku lokatenga, mwana wonyentchera wa bambo amene ali pa ntchito yolipidwa. Za chimanga nazo, sitingasangalale kuti chagulidwa pamene boma lomwe lino limakhala pa mndandanda wa olandira chakudya chaka chikavuta.

Mpaka pano talankhula zimene aliyense wa ife angavomere ndi Amen. Chotsatirachi n'chowawirapo.

Chaka chatha, tili pa maphunziro a zaumoyo wa m'madera, gulu lathu linafika pa nyumba ya mayi wina pafupi ndi makomboni a esiteti ina. Kuseri kunali mbiya ndi mpopi, fungo la madeya owola losabisika. Atadziwa kumene tachokera anaseka pang'ono n'kunena kuti, “Ana anga, inetu nyimbo zanuzo ndimazidziwa zonse. Ndinali wa Dorika.” Amuna awo anamwalira, nyumba ya kampani inafunika kubwezedwa, munda analibe, monga alili ambiri kuno kumene tiyi anatenga malo abwino kuyambira nthawi ya thangata. Anayesa zitumbuwa, sizinakwane fizi. Anayamba kutcheza. Akulu a mpingo anabwera kawiri: koyamba kudzawachenjeza, kachiwiri kudzawauza kuti dzina lawo lachotsedwa m'buku. Mmodzi wa ife anafunsa kuti, “Nanga kuchokera pamenepo, mayi, anabweranso?” Anangotiyang'ana.

Kenako anatulutsa kakope ka ana asukulu, kothimbirira. Mmenemo munali mayina a amuna a m'komboni, aliyense ndi tsamba lake, timizere tosonyeza mabotolo amene wamwa pa ngongole. Tsiku la malipiro mayiwa amakaima pafupi ndi pamene anthu akulandirira, pamodzi ndi a katapila. Amadziwa amene mkazi wake ali ndi pakati, amene wachotsedwa ntchito masamba atachepa m'chilimwe, amene amamwa chifukwa mwana wake anamwalira. Sitikuwayeretsa, kabuku kameneko kamadya ufa wa mabanja ambiri, ndipo iwo eni akudziwa. Koma tinachoka pamenepo tili chete. Heinrich anali ndi buku lolembamo zimene anthu akufuna. Mayiwa ali ndi buku lolembamo zimene anthu akuvutika nazo, ngakhale amalemba kuti adzatolere. Buku lathu la mpingo lili ndi mizere iwiri yokha, wolowa ndi wochotsedwa.

Mpingo uli ndi ufulu wosunga mwambo wake, ndipo sitikupempha kuti wotcheza kachasu akhale mtsogoleri wa Sukulu ya Sabata. Tikungoti kufufuta dzina ndiyo ntchito yotsika mtengo kuposa zonse, ndipo taizolowera. Tikudziwanso kusinthasintha pamene zatikomera. Ellen White analangiza motsutsa tiyi ndi khofi, koma Malamulo yakhala pakati pa minda ya tiyi kwa zaka zambirimbiri, ndipo chakhumi cha mipingo yambiri ya kuno chimachokera m'dengu la wothyola masamba. Palibe amene anauzapo mlongo kuti asiye kuthyola tiyi, chifukwa tonse timamvetsa kuti ayenera kudya. Tiyi ndi kachasu sizofanana, tikuvomera. Koma kumvetsa kumene tinapeza pa tiyi kukusonyeza kuti tikafuna timatha kuona mimba ya munthu tisanaone mlandu wake.

Makolo athu m'chikhulupiriro sanali ongopukusa mutu. Joseph Bates anathandiza kuyambitsa bungwe la kudziletsa ku Fairhaven mu 1827, mpingo uno usanabadwe n'komwe. Ellen White ankalimbikitsa a Adventist kuponya voti yotseka malo a mowa. Mishoni ino, imene inayamba mu 1902 ndi banja la Thomas Branch, inadziwika dziko lonse chifukwa cha odwala khate, ndipo sinawalalikire ali kutsidya kwa mtsinje. Inawamangira nyumba ndi kuwatsuka zilonda.

Ndiye tichite chiyani? Choyamba n'chimene ife ophunzira zachipatala tingathe mawa lomwe: tileke kuuza chidakwa cha zaka khumi kuti chingosiya lero. Tonse tinaphunzira kuti munthu wozolowera mowa wambiri akasiya mwadzidzidzi angathe kunjenjemera, kukomoka, kuona zilubwelubwe patapita masiku awiri kapena atatu, ngakhale kufa kumene. Komabe pa misonkhano yathu ya chitsitsimutso timaombera m'manja munthu akataya botolo kuguwa, ndipo palibe amene amakamuona Lachiwiri. Akabwerera ku mowa timati analibe chikhulupiriro. Thandizo la akatswiri lili kutali, ku Zomba Mental Hospital kapena kwa a St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndipo wothyola tiyi sangasiye ntchito mwezi wathunthu kuti apite kumeneko. Mlaliki aliyense wopita ku makomboni ayenera kutsagana ndi wina wodziwa zizindikiro zimenezi, ndipo koleji ino ili nawo mazana.

China ndi tsiku la malipiro lenilenilo. Kampani ya mowa imalikonzekera, wa shabini amalikonzekera, wa katapila amafika m'mamawa. Ife timakhala tili pa kwaya. Ndalama zimene zafika kunyumba tsiku loyamba sizimwedwa. Zimene zagona m'thumba la bambo pa msika ndizo zimapita. Banki mkhonde yokumana madzulo a tsiku lomwelo, pafupi ndi polandirira, ingapulumutse ufa wambiri kuposa ulaliki wa sabata ziwiri. Amuna a AMO angathe kuyendetsa zimenezi. Ndipo anthu aja sapita ku bala chifukwa cha ludzu lokha. Munthu waweramira tiyi kuyambira mbandakucha, mvula ikumukwapula, dengu kumsana, wabwerera ku chipinda chimodzi chopanda magetsi. Ku bala kuli kuwala, mpira pa kanema, anzake, ndi munthu womutchula dzina. Tchalitchi chathu chili ndi mabenchi, denga labwino, mwina ndi sola, koma chimakhala chokhoma masiku asanu pa sabata. Bawo, thobwa lozizira ndi kanema wa mpira pa khonde la tchalitchi Lamlungu madzulo zingakhumudwitse akulu ena. Tikuwapempha kuti asanakane adzagone nafe usiku umodzi ku wodi ya ovulala.

Tilinso ndi pakamwa pa nkhani za malamulo. Ziphaso za malo a mowa zimaperekedwa ndi khonsolo, ndipo khonsolo ili ndi makhansala amene timawavotera. Maola otsegulira, mtunda wa pakati pa bala ndi sukulu, kugulitsa kwa ana, zonsezi zingafunsidwe pa msonkhano wa chitukuko cha dera, kumene a Adventist sitionekaoneka. Nkhani ya malipiro nayo ndi yathu. Mu 2015 makampani a tiyi, ogula akunja ndi mabungwe anasainirana mgwirizano wa Malawi Tea 2020 wofuna kukweza malipiro kuti afike pokwanira moyo wa banja. Malipiro anakwerako, koma kugwa kwa kwacha kwadya zambiri. Ena amati wantchito akalandira zambiri adzamwa zambiri. Zimene taona ife n'zosiyana: amene amamwa mwa ukali ndi amene wawerengera n'kupeza kuti ngakhale asamwe, ndalamayo sigula thumba la feteleza.

Koma zonsezi zisanachitike tifunika kope. Chaka chilichonse magulu athu amapita m'midzi kukawerenga zimbudzi, zitsime ndi maukonde a udzudzu. Tikupempha aphunzitsi athu ndi komiti ya AY kuti ulendo wotsatira tikawerengenso zina: malo ogulitsira mowa alipo angati pakati pa zenera la malipiro ndi makomboni, ndi ndalama zingati zimatsala pofika tsiku lachitatu, ndi angati mwa otcheza kachasu amene mayina awo anakhalapo m'buku lathu, ndipo angafune mpamba wochuluka bwanji kuti aphwanye mbiya. Funso lomalizali tinawafunsa mayi aja tisananyamuke. Sanachedwe kuyankha, anali atawerengera kale: makina osokera ndi fizi ya teremu ziwiri. Anatiperekeza mpaka pa msewu, n'kutifunsa ngati misasa ya chaka chino idzakhale pamalo pomwe paja.